Madzi amatsatira mchere: osmosis, Thanzi ndi diripi

Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unadwalitsa anthu oposa 58,000 m'Malawi muno ndi kupha oposa 1,700. Pa nthawi yonseyo uthenga wa azaumoyo unali umodzi: wotsegula m'mimba apatsidwe Thanzi msanga, wofooka kwambiri athamangire naye kuchipatala akamuike diripi. Ambiri anamvera, koma mafunso anatsala. Ngati munthu wataya madzi, bwanji osangomupatsa madzi? Mchere umadzetsa ludzu, nanga ukufunanji m'mankhwala obwezeretsa madzi? Ngati shuga ndi wothandiza, chikuletsa zakumwa zotsekemera za m'botolo n'chiyani? Nanga madzi a m'diripi aja amasiyana pati ndi a pampopi owiritsa bwino?

Mayankho ake onse ali pa chinthu chimodzi chimene ophunzira a sekondale amakumana nacho mu Biology, chotchedwa osmosis. Chomwechonso ndi chimene chimawaula chimanga pamene feteleza wakhudza mizu.

Nembanemba ya selo

Thupi la munthu, la nsomba ngakhale la mtengo linapangidwa ndi maselo, tizipinda tating'ono kwambiri todzaza madzi. M'madzimo mwasungunuka mchere wamitundumitundu, shuga ndi mapuloteni. Selo lililonse ndi lokutidwa ndi nembanemba yopyapyala zedi ya mafuta, ndipo nembanemba imeneyi imasankha zodutsa. Madzi amadutsa mosavuta. Mpweya wa okosijeni umadutsa. Koma sodium, potassium, chloride, shuga ndi mapuloteni sizidutsa pokhapokha selo litazitsegulira khomo lake.

Ili ngati mpanda wa bango wogawa bwalo pawiri: anapiye amalowa ndi kutuluka m'mipata, nkhuku zazikulu zimatsala mbali imene zili. Anapiye ndi madzi, nkhuku ndi zosungunuka.

Osmosis ndi kuyenda kwa madzi kudutsa nembanemba yotere, kuchokera mbali yosukuluka kupita mbali imene zosungunuka zachuluka. Madzi amayenda mbali zonse ziwiri nthawi zonse, koma opita kumene kwachuluka mchere amaposa obwerera, mpaka mbali ziwirizo zitafanana kapena patapezeka mphamvu yowabweza. Selo siligwiritsa ntchito mphamvu iliyonse pokoka madziwo. Ndipotu palibe pampu yopopa madzi m'maselo athu. Thupi likafuna kusamutsa madzi limayamba lasamutsa mchere, madzi n'kutsatira okha. Amene wagwira mfundo imeneyi zotsalazi sizimuvuta.

Woyamba kulemba za zimenezi anali Jean-Antoine Nollet wa ku France mu 1748. Anathira mowa waukali m'botolo, kukamwa kwake n'kumangapo chikhodzodzo cha nkhumba, n'kulimiza m'madzi. Patapita maola chikhodzodzo chija chinatukumuka chifukwa madzi analowa m'botolo mofulumira kuposa mmene mowa unkatulukira. M'ma 1820 Henri Dutrochet anapanga chida choyezera kukwera kwa madziwo ndipo anaona kuti zomera zimadalira zimenezi. Mu 1877 Wilhelm Pfeffer wa ku Germany anamata nembanemba ya mankhwala m'kati mwa kambiya kadothi kuti ipirire mphamvu yaikulu, n'kuyeza bwinobwino mphamvu yokankha imene madzi a shuga amabweretsa. Manambala a Pfeffer ndi amene Jacobus van 't Hoff wa ku Netherlands anagwiritsa ntchito popeza lamulo lowerengera mphamvuyo, ntchito imene inamuthandiza kulandira mphotho yoyamba ya Nobel ya Chemistry mu 1901.

Funso limodzi linakhalabe kwa zaka zambiri: ngati nembanemba ndi ya mafuta, madzi amadutsa bwanji mwachangu chotere m'maselo a impso ndi a magazi? Mu 1992 Peter Agre ndi anzake ku yunivesite ya Johns Hopkins anasonyeza kuti pali puloteni yokhala ndi kabowo kodutsa madzi okha. Anapangitsa mazira ena a chule kukhala ndi puloteniyi, ena n'kuwasiya, onse n'kuwaika m'madzi osukuluka. Okhala ndi puloteni aja anafufuma mpaka kuphulika, enawo anakhala chimodzimodzi. Timabowoti timatchedwa aquaporin, ndipo Agre analandira Nobel mu 2003.

Chowerengedwa ndi kuchuluka kwa tizidutswa, osati kulemera

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Osmosis siyang'ana kuti mwasungunula magalamu angati, imayang'ana kuti m'madzimo muli tizidutswa tingati toyandama patokha.

Tengani magalamu 10 a mchere wa m'ndiwo ndi magalamu 10 a shuga wa m'tiyi, chilichonse m'lita yake ya madzi. Molekyu ya shuga, kutanthauza kachidutswa kake kakang'ono zedi, ndi yolemera pafupifupi ka 6 kuposa ya mchere, choncho m'magalamu 10 muli mamolekyu ochepa. Kuwonjezera apo mchere ukasungunuka umagawika pawiri, sodium payekha chloride payekha, pamene shuga amakhala wathunthu. Mapeto ake madzi a mchere aja amakhala ndi tizidutswa tochuluka pafupifupi ka 12 kuposa a shuga, ndipo amakoka madzi mwamphamvu mofanana ndi kuchulukako. Mukasungunula magalamu 10 a sitachi wa mpunga, amene ndi mamolekyu a shuga mazanamazana olumikizana kukhala chingwe chimodzi, kukoka kwake kumakhala kochepa kwambiri.

Muyezo wa tizidutswati ndi milliosmole pa lita, mwachidule mOsm. Madzi a m'magazi a munthu wathanzi amakhala pakati pa 275 ndi 295. Madzi oyera ali pafupi ndi 0. Madzi a m'nyanja yamchere, monga ya Indian ku Beira kapena ku Nacala, ali ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita ndipo amafika cha m'ma 1,000.

Mphamvu yake si yamasewera. Mutalekanitsa madzi oyera ndi madzi a m'magazi ndi nembanemba yodutsa madzi okha, kuti muletse madzi kulowa mungafunike kupanikiza ndi mphamvu yoposa bar 7 (bar ndi muyezo wa kupanikiza), pafupifupi katatu mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono. Pa madzi a m'nyanja yamchere ndi bar 27 kapena kuyandikira pamenepo. Selo la munthu lilibe khoma loti lingapirire zimenezo, n'chifukwa chake thupi limasunga kunja ndi m'kati mwa selo mofanana usiku ndi usana.

Isotonic, hypotonic, hypertonic

Mawu atatuwa amanena zimene madzi ozungulira selo achite kwa selolo. Madzi a isotonic ndi ofanana mphamvu ndi m'kati mwa selo, selo silisintha kukula. A hypotonic ndi osukuluka kuposa selo, amalowa ndi kulitupitsa. A hypertonic ndi amphamvu kuposa selo, amalikama madzi n'kulisiya lokwinyika.

Hugo de Vries, katswiri wa zomera wa ku Netherlands, anafufuza zimenezi m'ma 1880 poyang'ana maselo a zomera akunyala m'madzi a mchere wosiyanasiyana. Mnzake Hartog Jacob Hamburger anachita zomwezo ndi maselo ofiira a magazi, n'kupeza kuti a munthu amakhala bwino m'madzi okhala ndi mchere wa pafupifupi 0.9 peresenti. Nambala imeneyo ndi imene mumaiona pa thumba la diripi lolembedwa normal saline: magalamu 9 a mchere pa lita, mOsm 308.

Maselo ofiira mukawaika m'madzi a mchere wa 0.45 peresenti ena amayamba kuphulika, ndipo pofika pa 0.3 peresenti pafupifupi onse amakhala ataphulika. Madziwo amasanduka ofiira owonekera mbali ina chifukwa hemoglobini, puloteni yofiira ya m'maselowo, watayikira kunja. Ndicho chifukwa madzi oyera, ngakhale atawiritsidwa bwanji, saikidwa m'mtsempha. Kumwa n'kosiyana, pakuti madzi amalowa m'magazi pang'onopang'ono kudzera m'matumbo, n'kusakanikirana ndi malita ambiri a madzi a m'thupi, ndipo impso zimataya otsala.

Pali kamsampha kamene kamagwira ngakhale ophunzira a unamwino. Madzi awiri akhoza kukhala ndi mOsm ofanana koma n'kuchita zosiyana pa selo, chifukwa chowerengedwa ndi tizidutswa timene nembanembayo ikutitsekereza. Urea amadutsa nembanemba ya maselo ofiira mosavuta. Mukaika maselowo m'madzi a urea a mOsm 300, urea amalowa, madzi n'kutsatira, maselo n'kuphulika ngati ali m'madzi oyera. Diripi ya glucose wa 5 peresenti ilinso ndi khalidwe lake: polowa m'mtsempha imakhala yoyandikira mphamvu ya magazi, koma maselo akadya glucose uja chotsala ndi madzi okha. Ikaperekedwa yambiri, makamaka kwa mwana, sodium wa m'magazi amatsika.

Sodium ameneyu ayenera kukhala pakati pa 135 ndi 145 mmol pa lita m'magazi (mmol ndi muyezo wa kuchuluka kwa tizidutswa ta chinthu chimodzi). Akatsika kwambiri madzi amalowa m'maselo a ubongo, ndipo ubongo uli m'chibade chimene sichitambasuka. Mutu umapweteka, munthu amasanza, amasokonezeka, amakomoka. Khanda losakwana miyezi 6 limene likumwetsedwa madzi, kapena mkaka wa m'chitini wosungunulidwa mopitiriza kuti ukhalitse, lili pa ngozi yomweyi. Sodium akakwera kwambiri maselo a ubongo amafota. Mbali zonse ziwiri madokotala amakonza pang'onopang'ono, chifukwa ubongo umakhala utayamba kuzolowera. Kukweza sodium amene wakhala wotsika kwa masiku ndi mmol oposa 8 mpaka 10 pa lita pa tsiku kukhoza kuwononga ubongo kotheratu.

Zimene kolera amachita m'matumbo

Tsiku lililonse m'matumbo a munthu wamkulu mumadutsa malita 8 kapena 9 a madzi. Amene tamwa ndi ochepa, ambiri ndi malovu, ndulu ndi timadzi togaya chakudya. Pafupifupi onsewa amabwerera m'magazi, chifukwa maselo a m'matumbo amatenga sodium, madzi n'kutsatira.

Kachilombo ka Vibrio cholerae kamatulutsa poizoni amene amatsegula khomo la chloride m'maselowa n'kulisiya lili pululu. Chloride amakhuthukira m'matumbo, sodium amatsatira, madzi amatsatira onse awiri. Poizoniyo amatsekanso imodzi mwa njira zimene sodium amabwerera nazo. Wodwala kwambiri akhoza kutaya lita imodzi pa ola, chimbudzi chooneka ngati madzi otsukira mpunga. Chimene akutayacho si madzi okha, ndi madzi a mchere, potassium ndi bicarbonate. Kumubwezera madzi okha sikukwanira: popanda sodium woti awatsogolere salowa mokwanira, ndipo olowawo amasukulutsa mchere wochepa umene watsala m'magazi.

William O'Shaughnessy anayeza magazi a odwala kolera ku England mu 1831 n'kupeza kuti akusowa madzi ndi mchere, ndipo chaka chotsatira Thomas Latta wa ku Leith ku Scotland anayesa kuthira madzi a mchere m'mitsempha ya odwala. Koma diripi imafuna zida zosabala majeremusi ndi munthu wodziwa kubaya. Njira ya pakamwa inatseguka Robert Crane atafotokoza mu 1960 kuti m'matumbo muli khomo limene sodium ndi glucose amalowera limodzi, wina sangalowe popanda mnzake. Ofufuza a ku Dhaka ndi ku Calcutta anapeza m'ma 1960 kuti poizoni wa kolera sakhudza khomo limeneli. Mu 1968 David Nalin ndi Richard Cash anasonyeza ku Dhaka kuti madzi a mchere ndi glucose akumwa amachepetsa kwambiri kufunika kwa diripi. Mu 1971, pa nkhondo ya ufulu wa Bangladesh, Dilip Mahalanabis anatheredwa madiripi pa msasa wa othawa nkhondo ku Bangaon, n'kuyamba kumwetsa odwala madziwa mothandizidwa ndi abale awo. Imfa zinatsika kuchoka pa 30 peresenti kufika pa 3.6 peresenti.

Choncho shuga wa mu Thanzi sanaikidwemo kuti atsekemere kapena kupatsa mphamvu. Ntchito yake ndi kulowetsa sodium, kuti madzi apeze chotsatira.

Muyezo umene WHO ndi UNICEF anavomereza kuyambira 2002 ndi uwu pa lita imodzi: magalamu 2.6 a mchere, 13.5 a glucose, 1.5 a potassium chloride ndi 2.9 a trisodium citrate. Sodium ndi glucose zimakhala 75 mmol chilichonse, zonse pamodzi mOsm 245, kutsika pang'ono poyerekeza ndi magazi. Muyezo wakale unali 311. Kusukulukako n'kwadala, kuti osmosis ikankhire madzi kuchokera m'matumbo kupita m'magazi.

Zimene zimalakwika n'zodziwika. Paketi ya lita imodzi ikasungunulidwa m'theka la lita, mOsm amafika 490 ndipo sodium amafika 150. Madzi oterowo amayamba kukoka madzi a m'thupi kubwera m'matumbo, kutsegula kumakula, mwana amalandira mchere wochuluka kuposa madzi. Zakumwa zotsekemera za m'botolo zili ndi shuga woposa magalamu 100 pa lita, sodium wosanunkha kanthu, ndipo mphamvu yake imaposa ya magazi. Shuga wotsala m'matumbo amasunga madzi momwemo. Ena amagawa paketi ndi diso kuti apange kapu imodzi, koma ufa wa m'paketi sugawika mofanana. Chofunika ndi kuwerenga muyezo wolembedwa pa paketiyo, kuthira yonse m'madzi owiritsa kapena othira klorini okwana muyezowo, ndi kutaya otsala pakatha maola 24.

Paketi ikasowa, muyezo wa pakhomo ndi masupuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere m'lita imodzi ya madzi abwino, masupuni ake osalaza pamwamba, osati otumphuka. Akawawa mchere kuposa misozi ndiye kuti wachuluka, tayani muyambirenso. Mulibe potassium, choncho ndi wongothandiza popita kuchipatala.

Mwana wosakwana zaka 2 amapatsidwa mamililita 50 mpaka 100 akangochita chimbudzi, wa zaka 2 mpaka 10 amapatsidwa 100 mpaka 200, wamkulu amamwa mmene angathere. Akasanza dikirani mphindi 10, muyambenso ndi supuni pang'onopang'ono, ndipo kuyamwitsa kusaleke. Kuchipatala, amene wayamba kuuma amapatsidwa mamililita 75 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake m'maola 4. Amene maso alowa, khungu likatsinidwa silibwerera msanga, walefuka kapena sakutha kumwa, amafunika diripi ya Ringer's lactate, mamililita 100 pa kilogalamu, m'maola 3 kwa woposa chaka chimodzi ndi maola 6 kwa khanda. Ameneyu sayenera kusungidwa pakhomo ngakhale ola limodzi.

Impso nazo zimagwira ntchito ndi lamulo lomweli. Zimasefa malita pafupifupi 180 pa tsiku, n'kubweza onse kupatula lita imodzi ndi theka ya mkodzo. Thupi likauma, homoni yotchedwa vasopressin imauza maselo a impso kuika ma aquaporin ambiri pa nembanemba zawo, madzi n'kubwerera m'magazi, mkodzo n'kuchepa ndi kuderako. Wodwala shuga amene glucose wake wapitirira pafupifupi 10 mmol pa lita amayamba kumutayira mu mkodzo, ndipo glucose ameneyo amakoka madzi. Kukodza pafupipafupi ndi ludzu losatha zimachokera pamenepo.

Zomera, feteleza ndi nthaka ya mchere

Selo la chomera lili ndi khoma lolimba kunja kwa nembanemba. Madzi akalowa, selo limakankha khomalo koma siliphulika, limangouma gwa. Kukankha kumeneku ndi kumene kumaimika tsamba la mpiru ndi phesi lanthete la chimanga. Madzi akatuluka selo limalefuka, tsamba n'kufota. Zikapitirira, nembanemba imakanganuka pa khoma n'kukwinyikira pakati, zimene amazitcha plasmolysis.

Muzu umamwa madzi chifukwa m'maselo ake muli zosungunuka zambiri kuposa chinyezi cha m'nthaka. Feteleza ndi mchere wosungunuka m'madzi. Akaunjikidwa pa mbewu kapena pa tsinde, makamaka nthaka ili ndi chinyezi chochepa, amasungunuka m'timadzi tochepato n'kupanga madzi amphamvu kuposa m'kati mwa muzu. Njira ya madzi imatembenuka. Mbewu imalephera kumera, mmera umafota, nsonga za masamba zimawauka ngakhale nthaka ikuoneka yonyowa. Urea amawonjezera vuto lina, chifukwa akamasweka amatulutsa ammonia amene amawotcha timizu tanthete. Alangizi akamanena kuti feteleza aikidwe m'dzenje pafupifupi masentimita 10 kuchokera pa mbewu, akwiriridwe, ndipo athiridwe nthaka ili ndi chinyezi, chifukwa chake n'chimenechi. Feteleza wa kuthira m'madzi pa nazale ya fodya kapena ya tomato amawaulanso akachuluka, ndipo mankhwala ake ndi kuthirira madzi ambiri oyera msanga kuti asukuluke.

M'madera ena a ku Chikwawa ndi Nsanje mijigo ina imatulutsa madzi a mchere, ndipo nthaka ina imachita mbuu pamwamba m'chilimwe. Munda wothiriridwa kumalo otentha chotere umaunjika mchere chaka ndi chaka, chifukwa dzuwa limatenga madzi n'kusiya mcherewo. Popanda ngalande zotulutsa madzi otsuka nthaka, mbewu zimayamba kumva ludzu zili pa chinyezi. Nyemba zimafooka msanga, chimanga chimatsatira, thonje limapirirako.

Mayi wokazinga akathira mchere pa kabichi woduladula n'kuona madzi akutuluka, kapena msodzi akapaka mchere nsomba yong'amba asanaiyanike, akugwiritsa ntchito osmosis yomweyi. Mchere umakama nsombayo komanso mabakiteriya amene akanaioletsa. Uchi ndi jamu sizivunda msanga pa chifukwa chomwecho, kungoti kumeneko wokama ndi shuga. Chambo cha m'nyanja ya Malawi chili ndi vuto losemphana: magazi ake ali ndi mchere wambiri kuposa nyanja, madzi amalowa m'thupi mwake osaleka, choncho sichifuna kumwa, chimakodza mkodzo wambiri wosukuluka ndipo chimatola mchere m'madzi kudzera m'ziwalo zake zopumira.

Kuziona ndi maso: mbatata ya kachewere

Kuyesera kumeneku kumatheka ndi zida zochepa. Sungunulani magalamu 342 a shuga m'madzi n'kuwonjezera madzi mpaka zonse zikwane lita imodzi; imeneyo ndi 1.0 M (M ndi muyezo wa kuchuluka kwa shuga m'lita imodzi). Kuti mupeze 0.2 M sakanizani mamililita 20 a madzi a shugawa ndi 80 a madzi oyera, ndipo chitani chimodzimodzi pa 0.4, 0.6 ndi 0.8. Kapu yomaliza ikhale ya madzi okha. Sendani mbatata imodzi yaikulu, dulani timizere tofanana totalika masentimita 4, pukutani pang'ono, yezani pa sikelo yotha kuwerenga gawo limodzi mwa magawo 10 a galamu. Ikani timizere titatu m'kapu iliyonse, vindikirani, dikirani ola limodzi kapena kuposerapo. Tulutsani, pukutani mofanana ndi poyamba, yezaninso.

Werengani kusintha mwa peresenti, osati mwa magalamu, chifukwa timizere sitiyamba tofanana ndendende. Kamzere kochoka pa magalamu 5.0 kufika 5.5 kakwera ndi 10 peresenti. Ta m'madzi okha timalemera ndi kulimba, ta mu 0.8 ndi 1.0 timapepuka ndi kupindika ngati labala. Mukajambula girafu, pamene mzere wadutsa pa 0 ndi pamene madzi a shuga afanana mphamvu ndi maselo a mbatata, kawirikawiri cha pa 0.3 M.

Zotsatira zikasokonekera, chifukwa chimapezeka pafupi. Khungu lotsala limatsekereza madzi. Kamzere kosapukuta kamayezedwa pamodzi ndi madzi a shuga olemera omatirira kunja. Mbatata yakale yofota imayamba ndi madzi ochepa kuposa yongokumba, choncho kusakaniza ziwiri kumawononga girafu. Yesaninso kamzere kowiritsa: sikasintha mwa dongosolo lililonse, chifukwa moto wawononga nembanemba ndipo chilichonse chikungodutsa. Kameneka kamaphunzitsa kuposa tina tonse, pakuti kamasonyeza kuti popanda nembanemba yosankha palibe osmosis.

Kubweza madzi m'mbuyo

Mukapanikiza mbali ya mchere ndi mphamvu yoposa ya osmosis, madzi amadutsa nembanemba chobwerera n'kusiya mchere. Imeneyi ndi reverse osmosis. Sidney Loeb ndi Srinivasa Sourirajan anapanga nembanemba yoyamba yothandiza pa ntchitoyi ku University of California ku Los Angeles cha m'ma 1960. Madzi a m'nyanja yamchere amafuna bar 55 mpaka 70 ndi magetsi a kWh 3 kapena 4 pa malita 1,000 aliwonse. Madzi a mjigo a mchere wochepa amafuna mphamvu yocheperapo. Makina ake amafa msanga ngati madzi sanasefedwe kaye, chifukwa matope ndi laimu zimatseka nembanemba ndipo klorini amaidya.

Mafunso amene sanathe

Loyamba ndi lodabwitsa: chimakankha madzi n'chiyani kwenikweni? Lamulo la van 't Hoff limapereka manambala olondola pa madzi osukuluka ndipo palibe akulitsutsa. Mabuku ambiri a sukulu amati madzi amachoka kumene achuluka kupita kumene achepa, monga fungo limafalikira m'chipinda. Akatswiri ena a Physics amati kufotokoza kumeneku sikukwanira, chifukwa madzi amadutsa m'timabowo mofulumira kuposa mmene kufalikira kokha kungalolere. Iwo amati tizidutswa tosungunuka tikagunda nembanemba n'kubwezedwa timakokera madzi kutali nayo, pakamwa pa kabowo n'kuchepa mphamvu, madzi a mbali ina n'kukhamukira pomwepo. Mmene nkhaniyi iyenera kuphunzitsidwira m'kalasi akadakambirana.

Lachiwiri ndi la muyezo wa mOsm 245. Kwa ana otsegula m'mimba wamba unachepetsa kusanza ndi kufunika kwa diripi. Koma chimbudzi cha wamkulu wodwala kolera chimataya sodium wambiri kuposa 75 mmol pa lita, ndipo akatswiri ena, kuphatikizapo Nalin mwini, anachenjeza kuti muyezo watsopanowu ungatsitse sodium wa m'magazi. Ena amayankha kuti kutsikako kawirikawiri sikudwalitsa, ndipo paketi ya mtundu umodzi ndi yosavuta kugawa pa mliri. Palinso madzi opangidwa ndi ufa wa mpunga m'malo mwa glucose, amene amachepetsa chimbudzi cha odwala kolera popeza sitachi amamasula glucose pang'onopang'ono osakweza mOsm, koma phindu lake pa kutsegula kwa mitundu ina silinaoneke bwino. Ana onyentchera kwambiri amapatsidwa ReSoMal, ya sodium wochepa ndi potassium wambiri, kupatula akadwala kolera, ndipo ofufuza akuyesabe ngati malire amenewa ali pamalo pake.

Lachitatu ndi la diripi. Normal saline ili ndi chloride 154 mmol pa lita, pamene magazi ali ndi pafupifupi 100. Kafukufuku wamkulu wofananitsa saline ndi madzi oyandikira kwambiri magazi monga Ringer's lactate wapereka zotsatira zosiyana, wina akuonetsa phindu pang'ono pa impso, wina osaonetsa kusiyana. Ndipo kafukufuku wa FEAST wa mu 2011, wochitikira ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, anapeza kuti ana odwala malungo aakulu ndi matenda ena otentha thupi amene anathiridwa madzi ambiri mofulumira anamwalira ochuluka kuposa amene sanathiridwe motero. Ana otsegula m'mimba sanali m'gulu limenelo, choncho malangizo a kolera sanasinthe, koma chimene chinapha anawo chikukambidwabe.

Pa ma aquaporin, chiyembekezo chinali choti papezeka mankhwala otseka kapena kutsegula timabowoti, othandiza ubongo wotupa kapena thupi lodzaza madzi chifukwa cha mtima wofooka. Patha zaka zoposa 30 chitulukireni, ndipo mankhwala otere sanafikebe pogwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku m'zipatala. Pa reverse osmosis funso ndi la mtengo wa magetsi ndi nembanemba, komanso kotaya madzi otsala amene mchere wake wachuluka kuposa poyamba. Kugombe amawabwezera m'nyanja, ngakhale kumeneko pali mkangano wa zamoyo za m'madzi. Kumtunda, monga kuchigwa cha Shire, kuwathira pansi n'kubweza mchere m'nthaka ndi m'mijigo yomwe ija, ndipo njira yotsika mtengo yowasamalira sinapezeke.